Thadzi Lachitsulo ndi Machenjezo Khumi ndi Limodzi

Kawayako n'kopyapyala ngati tsitsi la khanda, ka mkuwa, kozengedwa katatu kumutu uku ndi katatu kumutu uko kwa fyuzi yagalasi imene inapsa kalekale. M'kati mwa galasimo mudakali kadontho kakuda pamene panadukira waya weniweni. Fyuzi zoterezi zadzaza kachitini ka polishi kamene kamakhala pakona ya tebulo la ntchito, ndipo dzina limene mwini tebuloyo amadziwika nalo mumsewu wonse linatuluka m'kachitini komweko. Ana, akulu, ngakhale akazi awo akakwiya pang'ono, onse amati a Fyuzi.

Ntchito ya fyuzi ndi kufa. Magetsi akachuluka, iyo imaduka msanga kuti zina zonse zipulumuke. Munthu akaizenga kawaya, chipangizo chimayakanso pompo, mwini wake n'kubwerera kwawo akumwetulira, koma fyuziyo, mlonda wa chipangizocho, imakhala itamangidwa pakamwa. A Fyuzi amazidziwa bwino zimenezi, mwina kuposa wina aliyense. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu akhala akukonza mawayilesi, masimbi ndi makanema m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi, ndipo nthawi iliyonse akamazenga kawayako amanena mawu amodzimodzi: "N'kongoyembekezera aka, mubwere ndidzaikemo yeniyeni." Palibe amabwera. Tina mwa timawaya tongoyembekezerati n'takale kuposa mwana wawo wamkazi, amene pano ali pabanja mumzinda wina.

Mmisiri aliyense ali ndi tchimo lake la pantchito, ndipo kawirikawiri tchimolo limabadwa ndi luso lomwelo. A Fyuzi amakhulupirira zimene manja awo akhudza ndi zimene mita yawo yayeza. Chinthu chikayaka, ndiye kuti chili bwino. Chikhulupiriro chimenechi chinawadyetsa zaka zambiri, mpaka matenda a zipangizo anasamuka. Kale chovuta chinkaoneka ndi maso: waya woduka, kachitsulo kotupa, fungo la chopsa. Masiku ano ukatsekula chipangizo umapeza kabolodi koyera bwino, pakati pake pali katchipi kakuda konga chikhadabo, ndipo chimene chafa si waya ayi, koma malangizo amene munthu wina anawalemba n'kuwatsekera m'menemo. Makasitomala anayamba kuchepa. Masana ena a Fyuzi ankangokhala pakhomo n'kumawerenga mitu imene ikulowa kwa wometa uja.

Ndi nthawi imeneyi pamene mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, anatulukira ndi makina oswetsera mazira atawakweza pagalimoto ya matola. Mayiyu amaweta nkhuku, ndipo makinawo, aakulu ngati firiji yaing'ono, amawatcha thadzi lachitsulo. Mphezi inali itawawotcha mutu. Chitopa nachonso chinali chitadutsa m'khola mwake chaka chomwecho n'kumusiyira misoti khumi ndi inayi ndi tambala mmodzi wokalamba, mtundu wa nkhuku umene wakhala akuusankha yekha kwa zaka zisanu ndi zinayi. Nkhuku zimenezi zimaikira kwambiri koma sizifungatira. Popanda thadzi lachitsulo, mtunduwo ukanathera m'khola momwemo.

A Fyuzi anatsekula, anayeza, ananunkhiza. Chotenthetsera chinali chamoyo, fani yamoyo, mota yotembenuza mazira yamoyo. Kanafa ndi kabolodi kolamulira kokha, ndipo amene anapanga makinawo anali atasiya kalekale kupanga kotero.

"Thupi lili bwinobwino, alamu," anatero. "Wafa ndi mutu. Koma timabolodi topanda kanthu timagulitsidwa. Munthu umagula, n'kukaphunzitsa wekha zochita."

"Akaphunzitse ndani?"

"Ine."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Inu alamu? Foni yomweyi mumaidina ngati mukupha nsikidzi. Ndiye mukalankhule ndi kompyuta? Achemwali anga anakwatiwa ndi munthu wolimba mtima, zimenezo zokha ndikuvomera."

"Sekani. Mudzabwera ndi anapiye kudzandipepesa."

Zida zawo zinali zitatu: laputopu yakale imene mwana wawo anaisiya, batani limodzi litagweramo, buku lonenepa lophunzitsa chiyankhulo cha C, limene anagula kwa wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, ndi kuuma mutu. Makinawo anawaika m'chipinda cha mwana wawo chija, pakati pa bedi lopanda matiresi ndi mulu wa masutukesi, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kushopu ankakhala pamenepo maola awiri, magalasi ali pamphuno.

Anthu amene sanayesepo amaganiza kuti vuto la kulemba pulogalamu ndi kuganiza. Woyamba kumene amadziwa kuti vuto loyamba ndi kuloledwa kulowa pakhomo. Katchipi sikamva mawu a munthu. Pakati pa wolemba ndi katchipi pamaima pulogalamu ina yotchedwa kompaila, imene imawerenga zimene walemba n'kuzisandutsa manambala amene katchipi kamamva. Ikapeza cholakwa, imakana kumasulira chilichonse, ndipo imalemba zifukwa zake m'munsi mwa sikirini ndi zilembo zofiira.

Pulogalamu yoyamba ya a Fyuzi inali ya mizere isanu ndi inayi, yongoyatsa ndi kuzimitsa kababu. Kompaila inawabwezera madandaulo makumi awiri ndi atatu. Anawerenga mzere ndi mzere kwa masiku awiri, akumasulira Chingerezi chake chouma ngati cha kukhoti, ndipo pamapeto pake anapeza kuti panasowa kachizindikiro kamodzi kotsekera mzere, kadontho kokhala ndi mchira. Atakaika, madandaulo onse anazimiririka nthawi imodzi. Kenako anaitana akazi awo.

"Mayi, bwerani mudzaone apongozi anga atsopano. Ukalakwa kamodzi amakuwerengera milandu makumi awiri. Kuwayankha sungawayankhe, kuwayang'ana m'maso sungawayang'ane."

Akazi awo anaima pakhomo ndi tsache m'manja. "Amayi anga musawaike m'zimenezo. Sanakunenenipo ngakhale tsiku limodzi."

"Amayi ankangoyang'ana. Awa amalemba."

Dzinalo linakhazikika. Kuyambira tsiku limenelo kompaila inali Apongozi, ndipo telala ndi wometa uja ankafunsa m'mawa uliwonse ngati Apongozi adzuka bwino.

Chimene chinawazunguza kwambiri sichinali ukali wa Apongoziwo, koma kusankha kwawo zokalipira. Pa kadontho ankachita mkangano, koma pa zinthu zazikulu nthawi zina ankangokhala chete. M'chiyankhulo chimenechi zinthu zikakhala pamndandanda zimawerengedwa kuyambira pa ziro. A Fyuzi anasunga miyezo inayi ya kutentha, n'kuitanitsa wachinayi ndi nambala 4, osadziwa kuti nambala yake ndi 3. Katchipi kanapita kukatola zimene kanapeza kuseri kwa mndandandawo, ndipo kasikirini ka makina kanalengeza kuti m'bokosimo mukutentha madigiri 211. Apongozi sananenepo kanthu. "Ndiye kuti munthu wa ana anayi," anadandaula a Fyuzi kwa telala, "woyamba kubadwa dzina lake ndi Palibe, chitsirizira ndiye wachitatu. Ukaitana wachinayi, kumabwera mwana wa eni ake."

Kenako panabwera nkhani ya theka. Mazira a nkhuku amafuna madigiri 37 ndi theka. Penapake m'pulogalamu yawo a Fyuzi anagawa 75 pawiri, ndipo yankho linatuluka 37 yosalala, chifukwa m'chiyankhulochi manambala athunthu akagawidwa amabala nambala yathunthu, chotsalacho chimatayidwa mwakachetechete. Theka la digiri ndi kanthu kochepa kwa munthu, koma kwa dzira ndi nkhani ya moyo. Izi anazigwira okha, ndi choyezera kutentha chagalasi chimene anachipachika m'bokosimo, ndipo ananyadira kwambiri. N'zoyenera kuziona bwino apa: cholakwa chilichonse chimene chinkaonekera m'kuwala kwa babu, m'kutentha kapena m'kulira kwa mota, a Fyuzi ankachipeza msanga kuposa ophunzira ambiri a m'kalasi. Manja awo anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu za sukulu. Ngozi inali pa zolakwa zimene sizitentha ndipo sizinunkha.

Apongozi ali ndi mawu amitundu iwiri. Ofiira ndi okana: palibe chimene chichitike mpaka ukonze. Achikasu ndi machenjezo: amasulira ndithu, pulogalamu iyenda, koma akuti pali pena pamene sakukhutira napo. Patatha miyezi itatu, pulogalamu ya a Fyuzi inali ya mizere mazana atatu, yofiira yonse itatha, koma m'munsi munkatsala mizere yachikasu khumi ndi umodzi. Anayesa kuwerenga woyamba: unkanena za kabokosi kosungiramo nambala m'pulogalamu kamene anakatchula koma osakagwiritsa ntchito. Wachiwiri chimodzimodzi. Anaona kuti kumeneku n'kung'ung'udza chabe kwa munthu wamkulu.

Pa intaneti pali mabwalo amene anthu ophunzira zimenezi amafunsana mafunso. A Fyuzi analembapo funso lawo loyamba, mwaulemu wonse, moni ndi mafuno abwino zili pamwamba: kodi mawu achikasuwa angachotsedwe bwanji? Munthu wina wosadziwika, wa dziko losadziwika, anayankha mizere iwiri yopanda moni. Woyamba unkatchula kachilembo kamene ukakaonjezera pa lamulo loitanira kompaila, machenjezo onse amabisika. Wachiwiri unkati: koma musachite zimenezo, awerengeni. A Fyuzi anatenga mzere woyamba. Anaika kachilemboko, anadina batani, ndipo m'munsi mwa sikirini munayera mbee.

Akazi awo, amene anazolowera kuona chikasu chija akamabweretsa tiyi, anafunsa kuti chapita kuti.

"Ndawakhazika chete Apongozi."

"Mwakonza zimene amanenazo?"

"Zinali zokongoletsa chabe. N'zongoyembekezera, ndidzaziona bwino."

Mayiwo anaika kapu patebulo, anayang'ana amuna awo kanthawi, n'kutuluka. Mawu amenewo anali atawamvapo kambirimbiri pakhomo la shopu.

Anayesa makinawo opanda kanthu kwa masiku atatu. Kutentha kunakhazikika pa 37 ndi theka ngati kwakhomeredwa ndi msomali. Chinyezi chinali bwino. Maola awiri alionse mota inkabuula, timipini tozungulira timene mazira amagonapo n'kugudubuka pang'onopang'ono. Panatsala ntchito imodzi yokha imene sikanayesedwa m'masiku atatu. Mwanapiye amaswa pa tsiku la 21, koma pa tsiku la 18 kutembenuza kumayenera kuleka, kuti iye adziike bwino, mlomo uloze kumutu kwa dzira kumene kuli mpweya, ndiponso kuti akatuluka asapanidwe ndi timipini toyenda. Kabolodi kakale kankawerenga masiku kokha, tsikulo likakwana kankalira katatu n'kuimitsa mota. A Fyuzi analembanso zomwezo: werenga masekondi, akakwana 86,400 ndiye kuti tsiku latha, masiku akakwana 18 lira ndipo uime. Kasikirini ka makinawo kanali ndi malo a kutentha ndi chinyezi basi, choncho chiwerengero cha masiku sichinkaoneka paliponse. Ndipo palibe munthu amene amadikira bokosi lopanda kanthu kwa masiku 18.

Mlamu uja anabweretsa mazira 88, otoleredwa sabata imodzi, lililonse litalembedwa deti ndi pensulo. Anawayala yekha, osalola kuti alamu ake awakhudze. "Manja anuwo azolowera zitsulo," anatero. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anatseka makatani masana n'kuunika mazirawo ndi tochi limodzilimodzi, ndipo m'mazira ambiri munaoneka timitsempha tofiira totambalala ngati mizu. Tsiku limenelo a Fyuzi anapita kushopu akuimba kamluzu. Patapita masiku awiri tambala wokalamba uja anapezeka atafa m'khola. Uthenga wa mlamu unabwera pafoni, waufupi: amene ali m'bokosiwo ndi omaliza.

Linali Lachinayi chakumasana, tsiku la 19, pamene mlamuyo anabwera kudzathira madzi m'mathireyi a chinyezi. A Fyuzi anali atabwerera kunyumba kudzadya. Iwo, akazi awo ndi mlamuyo anali chiimire pabalaza akupatsana moni, mlamuyo akufotokoza za basi imene inawafera panjira, pamene kuchipinda kuja kunamveka kubuula kwa mota. Anasiya nkhani pakati.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi mota, ikutembenuza," anayankha a Fyuzi, mawu a munthu wonyadira ntchito yake.

"Lero ndi lachingati, alamu?"

Akazi awo anayang'ana kalendala yapakhoma pamene mng'ono wawo anazunguliza Lachitatu ndi cholembera chofiira.

"Dzulo makinawa analira?" anafunsanso mlamuyo.

"Ine sindinamve," anatero akazi awo, "ndipo ndinali pakhomo tsiku lonse."

A Fyuzi anali atafika kale kuchipinda. Sanatsekule chitseko cha makina. Anagwada kumbuyo kwake, anapeza mawaya awiri a mota, n'kuwazula ndi dzanja limodzi. Timipini tinaima pakati pa ulendo. Ntchito imeneyo inatenga masekondi osakwana khumi, ndipo inali yokhayo pa nkhani yonseyi imene anaichita mosakayika. Atadzuka anapeza mlamu wawo ataika chipumi pagalasi la makinawo. Dzira limodzi pamzere wakutsogolo linali ndi kamng'alu kale, kachibowo kochepa ngati njere ya mpunga.

"Tsiku lathunthu ndi theka akugudubuzidwa," anatero mayiyo osatembenuka. Nthabwala zinali zitamuthera. "Zaka zisanu ndi zinayi, alamu. Ndinakufunsani kuti mwatsimikiza, munati chayaka ndiye kuti chili bwino."

"Sindikudziwa chimene chachitika."

"Ndiye chimene chikundiopsa n'chimenecho."

Akazi awo ndi amene analankhula pomaliza, mofatsa, ngati akukumbutsa za ketulo imene ili pamoto. "Bambo, kafunseni Apongozi anu aja. Mwina ananenapo."

Tsiku limenelo shopu sinatsekulidwenso. A Fyuzi anatenga laputopu ndi kabolodi kena kapadera n'kukhala patebulo lodyera, chifukwa kabolodi ka m'makina sakanayerekeza kukakhudza mazira ali m'kati. Anafufuta kachilembo kaja. Chikasu chinabwerera chonse, mizere khumi ndi umodzi, yosasintha ngakhale pang'ono, yopanda mawu oti tinakuuzani. Anatenga pensulo ndi pepala n'kuyamba kulemba chenjezo lililonse m'Chichewa chawochawo. Loyamba, lachabe. Lachiwiri, lachabe. Lachisanu ndi chiwiri linkaloza mzere umene unkafunsa ngati masekondi akwana 86,400, ndipo linkati: funso ili yankho lake lidzakhala ayi nthawi zonse, chifukwa kabokosi kamene mukusungiramo nambalayi n'kakang'ono.

Anatsekula buku. Bukulo linkanena momveka kuti kabokosi ka mtundu umenewo kamasunga manambala opitirira mabiliyoni awiri. Anawerenga kawiri, mtima ukufuna kupeza kuti wolakwa ndi Apongozi. Kenako m'munsi mwa tsambalo anaona timawu ting'onoting'ono timene anatidumpha miyezi itatu yapitayo: kukula kwa kabokosika kumadalira makina. Bukulo linalembedwera makompyuta akuluakulu. Pa katchipi kawo konga chikhadabo, kabokosi ka dzina lomwelo kamathera pa 32,767. Anagawa nambalayo ndi masekondi a ola limodzi, pamanja, monga anaphunzirira kusukulu. Maola asanu ndi anayi ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Pamenepo kabokosiko kankadzaza n'kugudubuka, ngati mita yakale ya magetsi imene manambala ake afika kumapeto, n'kuyambanso kukwera kuchokera pansi. Kuwerenga kwa maola awiri otembenuzira mazira kunali ndi kabokosi kakekake, ndipo 7,200 inkakwanamo bwino, n'chifukwa chake mota sinaphonyepo. Koma tsiku silinathepo. Kwa masiku 19 thadzi lachitsulo linkakhala m'tsiku loyamba, likudikira madzulo amene sankafika.

Kukonza kwake kunali kusintha liwu limodzi, kutchula kabokosi kokulirapo. Anasintha, chenjezo lachisanu ndi chiwiri linachoka lokha. Anakhala akuyang'ana malo amene linali. Munthu wina akanatha kunena kuti cholakwacho chinali cha buku, kapena cha chiyankhulo chimene chimalola liwu limodzi kukhala ndi misinkhu iwiri, ndipo akanakhala ndi mfundo. Oyamba kumene ambiri amagwa m'dzenje lomweli, ndipo ena mwa iwo ali ndi madigiri a kuyunivesite. Koma a Fyuzi sanadzinamize. Fyuzi inalipo, inaduka pa nthawi yake, pamalo oyenera, ndipo iwo anaizenga kawaya.

Chimene anachita m'mawa mwake n'chimene chikuonetsa kuti miyezi itatu ija sinapite pachabe. Funso linali lakuti: munthu angayese bwanji masiku 21 osadikira masiku 21? Anaganiza ali m'bafa, anatuluka sopo ali kukhutu. Pa kabolodi kapadera kaja anauza wotchi kuti iziwerenga sekondi iliyonse ngati masekondi chikwi. Masabata atatu anapanikizika n'kukhala theka la ola. Analumikiza kababu m'malo mwa mota, anasinthanso kasikirini kuti kazionetsa tsiku mosinthana ndi kutentha, n'kuitana akazi awo kuti akhale mboni. Anakhala awiriwo patebulo, tiyi akuzirala, akuonerera masiku akudutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu. Khumi ndi asanu. Khumi ndi asanu ndi limodzi. Pa 18 kabolodiko kanalira katatu, kababu kanazima.

"Mukanachita zimenezi poyamba," anatero akazi awo.

"Poyamba sindinkadziwa kuti nthawi imapindika."

Kuchipinda kuja anapiye anayamba kutuluka Lachisanu madzulo, ndipo pofika Lamlungu m'mawa bokosi lonse linali phokoso. Mlamuyo anawerenga powasamutsira m'katoni: 61. Mwa mazira otsalawo, khumi ndi anayi anali opanda kanthu chiyambire, monga tochi inaonetsera kale. Khumi ndi atatu anali ndi anapiye okhwima amene sanathe kutuluka. Anaswa atatu kuti aone, ndipo awiri anali ndi mitu yoloza kumunsi kwa dzira, kumene kulibe mpweya. Kaya anasokonezedwa ndi kugudubuzidwa kuja, kaya akanafa ndithu monga amafera ena pa kuswa kulikonse, palibe angadziwe. Mlamuyo ananena kuti ngakhale kabolodi kakale kankataya ena. A Fyuzi anamva kuti akuwapeputsira katundu. Anakakwirira mazirawo okha kuseri kwa nyumba.

Mwa anapiye 61 simungalephere kukhala atambala. Mtundu uja unapulumuka, ndipo nthabwala za mlamu zinabwerera limodzi nawo. "Paja munati ndidzabwera ndi anapiye kudzapepesa," anatero akumanga katoni. "Anapiye ndi awa. Kupepesako tigawana pakati, ndipo theka langa kompyuta yanu ija inalitaya."

Masiku ano pa tebulo la m'kashopu kaja pali laputopu pambali pa chowotcherera mtovu. Kachitini ka polishi kadakalipo, ndipo kunena kuti a Fyuzi anasiyiratu kuzenga timawaya kungakhale kuwanamizira: sabata yatha anazengera simbi ya telala, koma mawa lake anapita okha kukaikamo fyuzi yeniyeni, telalayo mpaka anafunsa ngati akudwala. Pa bwalo la pa intaneti lija anabwererako kukalemba zimene zinachitika, mwaulemu wonse, moni ali pamwamba. Munthu wosadziwika uja sanayankhe. Wina, woyamba kumene ngati iwo, analemba kuti zikomo, nayenso anali ndi kabokosi kotero.

Patatha sabata ziwiri kuchokera pamene anapiye aja anaswa, mlamu uja anaima pakhomo la shopu, dzuwa lili kumsana kwake. A Fyuzi anali ataweramira pepala lawo lija, pamene machenjezo khumi ndi limodzi analembedwa ndi pensulo, asanu ndi anayi atadulidwa mzere.

"Alamu, mbiri yanu yafika patali. Mayi amene ndimagula naye chakudya cha nkhuku ali ndi mazira mathireyi atatu, ndipo makina ake anafa mutu ngati anga aja. Ndamuuza kuti ayambe waika mazirawo m'thadzi langa lija lili kunyumba kwanu, makina ake muziwaona pambuyo. Ndimuuze abweretse mazirawo mawa?"

A Fyuzi anavula magalasi, anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ananso mlamu wawo.

"Mawa ayi. Atsala machenjezo awiri amene sindinawamvetse. Muuzeni abweretse Lolemba."